Chidikwidikwi cha pa nsima chimatha chokha, cha masiku atatu n'chofunika chipatala

Funso

Adokotala, ndimakhala ku Chiputula kuno ku Mzuzu. Bambo a kunyumba, a zaka 52, amakonda kugwidwa ndi chidikwidikwi akangomaliza kudya, koma chimatha chokha. Ulendo uno chawayamba Lamlungu madzulo, pano ndi Lachitatu sichinasiye, ngakhale usiku chikumawadzutsa. Tayesa madzi, shuga, mandimu, kuwadzidzimutsa, osaphula kanthu. Iwo akuti munthu wamkulu sangapite kuchipatala chifukwa cha chidikwidikwi. Komanso mdzukulu wanga wa miyezi iwiri chimamugwira pafupifupi tsiku lililonse. Ine ndimamuika kaulusi pamphumi monga anatiphunzitsira makolo, ena akuti tizimumwetsa timadzi ta shuga. Kodi chimayambitsa n'chiyani, nanga pakhomo tingachite chiyani?

Yankho

Mayi, zikomo polemba, ndipo mwachita bwino kutchula masiku. Mwafunsa za anthu awiri, koma ndiyamba ndi bambo chifukwa nkhani yawo ndi imene singadikire. Mawa m'mawa apite kuchipatala, inu muwaperekeze. Sindikunena kuti ali ndi matenda oopsa ayi. Ambiri obwera ndi vuto lotere timawapeza ndi zinthu zochizika, monga asidi wobwerera kummero. Koma achipatala tili ndi malire amene timayendera. Chidikwidikwi chosapitirira maola 48 timachitenga ngati chamasiku onse. Chikadutsa maola 48 timati chakakamira, ndipo tiyenera kufufuza gwero lake. Chikadutsa mwezi timati chakanika. Kuwerenga kuyambira Lamlungu madzulo, maola 48 anakwana Lachiwiri madzulo. Bambo adutsa kale malirewo.

Zoti munthu wamkulu sangaime pa mzere chifukwa cha chidikwidikwi ndazimva kambirimbiri, makamaka kwa azibambo. Amaopa kuti akafunsidwa chimene abwerera, anthu aseka. Muwauze kuti wachipatala wodziwa ntchito yake sangaseke munthu amene watha masiku atatu osagona bwino. Akuluakulu anati mbewa ya manyazi inafera kuuna. Ndipo sali okha: chidikwidikwi chokakamira chimagwira amuna kuposa akazi, makamaka amene zaka zapitako. M'chaka cha 2021 Jair Bolsonaro, pamene anali pulezidenti wa dziko la Brazil, anagonekedwa m'chipatala atatha masiku pafupifupi 10 akuvutika nacho, ndipo madokotala anapeza kuti matumbo ake anali atatsekeka. Ngati mtsogoleri wa dziko anapita, bambo a ku Chiputula angachite manyazi ndi chiyani?

Tsopano ndikufotokozereni chimene chimachitika m'thupi, chifukwa mukachimvetsa mudzatha kusiyanitsa nokha njira zothandiza ndi zongotaya nthawi.

Mukamatumbula mbuzi kapena nkhumba mumaona kanyama kopyapyala, kotambalala ngati lichero lovundikira, kamene kamalekanitsa mapapo ndi mtima kumtunda, chiwindi ndi chifu kumunsi. Ifenso tili nako. Ndi mnofu wopumira, achipatala timautcha diaphragm. Ukakokera pansi mpweya umalowa m'mapapo, ukamasuka mpweya umatuluka, ndipo umachita zimenezi usana ndi usiku ife osauganizira. Chidikwidikwi, chimene pa Chingerezi amati hiccups, chimachitika mnofu umenewu ukakokeka mwadzidzidzi, pamodzi ndi timinofu ta pakati pa nthiti. Mpweya umathamangira kulowa, koma pasanathe n'kuphethira kwa diso komwe, pafupifupi mamilisekondi 35, kachitseko ka pakholingo kamatsekeka mwamphamvu. Kaphokoso mumamvako ndi mpweya wowombana ndi chitseko chotseka. Izi zimatha kubwerezeka kuyambira ka 4 mpaka ka 60 pa mphindi imodzi.

Mnofuwu suchita zimenezi mwa wokha. Umalamulidwa ndi mitsempha yotumiza mauthenga, ndipo iwiri ndiyo ikuluikulu pa nkhaniyi. Woyamba ndi phrenic, umene umachokera m'khosi n'kutsika m'chifuwa, kudutsa pambali pa mtima ndi mapapo mpaka kukafika pa mnofu wopumira uja. Wachiwiri ndi vagus, dzina la Chilatini lotanthauza woyendayenda, ndipo dzinalo limauyenera. Umachokera kutsinde kwa ubongo, uli ndi kanthambi kopita m'khutu, nthambi zina kukhosi ndi kummero, zina kumtima, kuchifu mpaka m'matumbo. Ndimakonda kuufanizira ndi msewu wa M1. Basi ikachedwa kufika pa depoti ya Mzuzu, vuto lingakhale pa Jenda, lingakhale ku Chikangawa, kapena ngati ikuchokera kumpoto lingakhale pa Chiweta. Inu muli pa depoti mumangoona kuchedwako. Chimodzimodzi chidikwidikwi: chimamveka pakhosi, koma chimene chaputa mtsempha chingakhale m'khutu, m'chifuwa, m'mimba kapena mu ubongo. N'chifukwa chake cha kanthawi sitida nacho nkhawa, koma chokakamira timayenda nawo msewu wonsewo kufunafuna pamene pali vuto.

Cha masiku onse, chonga chimene chimawagwira bambo akamaliza kudya, kawirikawiri chimachokera ku chifu. Chifu chili pansi penipeni pa mnofu wopumira. Chikadzadza mofulumira chimafufuma n'kuyamba kuukankha. Taganizani mmene ambiri timadyera: munthu wachoka m'mawa ndi kapu ya tiyi yokha, wagwira ntchito tsiku lonse mumsika kapena pa kabaza, madzulo wapeza nsima yotentha, mitanda itatu yalowa m'mphindi zochepa, mbamu zikuluzikulu zosatafuna bwino, ndipo mbamu iliyonse ikutsika ndi mpweya wake. Kondowole ndiye amaposa, poti ambiri timangomeza osatafuna. Pamwamba pake botolo la chakumwa cha gasi chozizira. Chifu chikatere chimakhala ngati chibaluni. Zakudya zouma zodya opanda chomwera, monga mbatata yootcha, chinangwa, chimanga chokazinga kapena buledi, nazonso zimaputa mmero potsika. Tsabola wa kambuzi amaputa mitsempha ya pakhosi ndi kummero mwachindunji, moti ena chimawagwira pa mbamu yoyamba yomwe. Mowa umachita zonse ziwiri, kufufumitsa chifu ndi kuwotcha mmero, ndipo kachasu ndi ena oterowo ndiwo amawotcha kwambiri. Fodya amamezetsa mpweya. Kusintha kwadzidzidzi kwa kutentha ndi kuzizira kumathanso kuyambitsa, monga kumwa tiyi wowotcha kenako madzi a mufiriji, kapena kutuluka m'nyumba yofunda n'kukumana ndi chisanu cha Mzuzu cha mwezi wa June. Kuseka kwambiri, kulira, mantha ndi nkhawa nazo zimasokoneza kapumidwe n'kuchidzutsa.

Za njira zothetsera pakhomo ndinene chilungamo. Zambiri sizinayesedwe pa kafukufuku wamkulu, ndipo poti chidikwidikwi chimatha chokha m'mphindi zochepa, njira imene munthu wayesa pomaliza ndiyo imatamandidwa. N'chifukwa chake banja lililonse lili ndi yake imene limalumbirira. Komabe sikuti ndi zopanda nzeru. Mukaziyang'anitsitsa, zimene zimathandiza zimadzera makomo awiri okha.

Khomo loyamba ndi mpweya. Mpweya woipa umene timatulutsa popuma, kaboni dayokisaidi, ukachulukirako pang'ono m'magazi, ubongo umasiya zina zonse n'kuika mtima pa kupuma, ndipo chidikwidikwi chimazilala. Kugwira mpweya kumagwira ntchito motero. Njira imene ine ndimaphunzitsa ndi iyi: khalani pansi, kokani mpweya mpaka chifuwa chidzadze, muusunge masekondi 10. Musanatulutse, kokaninso pang'ono pamwamba pake, musunge masekondi 5. Onjezeraninso kachitatu, masekondi ena 5, kenako tulutsani pang'onopang'ono. Kuwonjezerako kumachititsa kuti mnofu wopumira ukhale wokokeka mpaka pamapeto, usapeze mpata wodumpha. Mungabwereze kawiri kapena katatu. Ena amapumira m'thumba la pepala kangapo, ndipo maganizo ake ndi omwewo. Koma likhale la pepala, losavala kumutu, munthu ali chikhalire, ndipo akamva chizungulire asiye. Jumbo ayi, ngakhale pang'ono. Pulasitiki imamatirira kukamwa ndi kumphuno, ndipo ana akaona akulu akuchita amakayesa okha kuseri. Kukhala pansi n'kukokera mawondo pachifuwa, kapena kuwerama kutsogolo kwa mphindi imodzi kapena ziwiri, kumapanikiza mnofu uja ndipo kumathandiza ena.

Khomo lachiwiri ndi kuupatsa mtsempha wa vagus uthenga wina wamphamvu woti uiwale woyamba uja. Apa ndi pamene pali madzi, shuga ndi mandimu amene mwayesa. Madzi ozizira omwa timakamwa ting'onoting'ono motsatizana, osapumira pakati, ka 10 kapena kuposerapo, amagwira makomo onse awiri nthawi imodzi: mukumeza, komanso simukupuma. Kuchukucha madzi ozizira kukhosi mutakweza mutu kumaputa mitsempha yomweyo. Shuga ali ndi mbiri yake. M'chaka cha 1971 madokotala ena ku America analemba m'magazini ya zachipatala ya New England Journal of Medicine kuti anapatsa odwala 20 kasupuni ka shuga wouma, ndipo 19 chinawasiya. Anali anthu ochepa, koma kuyambira pamenepo njirayi inatchuka. Chinsinsi chake n'chakuti shugayo akhale wouma, womeza ali mchengamchenga, chifukwa chimene timaganiza kuti chikugwira ntchito ndi kukanda kwake pakhosi, osati kutsekemera. Mukamusungunula m'madzi mwangopanga chakumwa. Kuluma kachidutswa ka ndimu kumadzidzimutsa mitsempha ya m'kamwa ndi kuwawasa kwake. Kutulutsa lilime n'kulikoka pang'ono ndi kansalu koyera kumatambasula minofu ya pakhosi. Palinso ina imene ana amaikonda: munthu atseke makutu onse awiri ndi zala mosakankha kwambiri, wina amugwirire kapu, amwe madzi osalekeza. Kumbukirani kanthambi ka vagus kopita m'khutu kaja.

M'chaka cha 2021 dokotala wina wa ku Texas, Ali Seifi, anafalitsa zotsatira za kapaipi komwera kamene anapanga, kokhala ndi kabowo kakang'ono kwambiri moti munthu amayenera kuyamwa mwamphamvu kuti madzi akwere. Mwa anthu 249 amene anakagwiritsa ntchito, pafupifupi 92 pa 100 aliwonse ananena kuti kanawathandiza. Anali kunena okha, ndipo panalibe gulu lina lofananitsa nalo, ndiye chiwerengerocho tisachitenge ngati lamulo. Koma nzeru yake ndi yomveka: kuyamwa mwamphamvu kumagwiritsa ntchito mnofu wopumira, kumeza kumatseka kholingo mwadongosolo, ndipo ziwalo ziwiri zimene zimachita chidikwidikwi zimatanganidwa nthawi imodzi. Simufunika kuitanitsa kanthu kunja. Tengani kapaipi wamba komwera zakumwa, mukafinye pakati ndi zala kuti madzi azivuta kukwera, muyamwe mwamphamvu n'kumeza, kawiri kapena katatu.

Kudzidzimutsa munthu sindikulimbikitsa. N'zoona kuti mantha amadula kapumidwe ndipo nthawi zina chimasiyadi. Ambiri tinakula tikuuzidwa kuti "waba ndiwo mumphika eti?" kuti tidzidzimuke, ndipo pofika pomaliza kulumbira kuti sitinabe, chinali chitapita. Koma mwana wonamiziridwa kuba amasunga mumtima, ndipo munthu wamkulu wa BP kapena wa vuto la mtima si woti muzimuopseza kuseri kwa chitseko. Musapanikize maso, musafikise mitsempha ya m'mbali mwa khosi ngakhale mutamva kuti achipatala amatero, chifukwa zimenezi zimatha kugwetsa kugunda kwa mtima kapena kusuntha magazi oundana kupita ku ubongo. Wa matenda a shuga asankhe njira ya madzi kapena ya mpweya. Munthu amene anachitapo sitiroko, kapena amene amatsamwa akamamwa, musamukakamize kugugudiza madzi, angalowe m'mapapo n'kuyambitsa chibayo. Ndipo mandimu kapena viniga wobwerezabwereza kwa munthu amene ali kale ndi chilungulira ndi kuthira mafuta pamoto. Ichi ndikunena poganizira bambo.

Tibwerere kwa iwo tsono. Mwanena kuti chikumawadzutsa usiku. Mawu amenewo kwa ine ndi olemera. Chidikwidikwi chobwera ndi nkhawa kapena maganizo nthawi zambiri chimasiya munthu akagona. Chikamapitirira mpaka kutulo, timaganizira kwambiri kuti pali chinachake m'thupi chimene chikuputa mtsempha.

Chofala kwambiri ndi asidi wa m'chifu wobwerera kummero. Mbiri ya bambo yoti chimawagwira akangodya ikuloza komweko. Afunseni ngati amamva chilungulira, kugeya zowawasa, kutentha pachifuwa akagona chagada, kapena kutsokomola usiku. Zilonda za m'mimba nazo zimayambitsa, ndipo mapiritsi opha ululu monga brufen, indocid ndi aspirin, amene anthu amagula okha n'kumamwa mimba ili yopanda kanthu, amakulitsa zilondazo. Ili ndi gulu losavuta kuchiza.

Koma pali funso limodzi limene ndikufuna muwafunse mosazungulira: kodi chakudya chimatsika bwino? Dziko lathu la Malawi lili m'gulu la mayiko amene khansa ya kummero ndi yochuluka kwambiri pa dziko lonse lapansi. Imayamba mwakachetechete. Munthu amaona kuti nyama kapena nsima yolimba ikuima pachifuwa, amayamba kumwera madzi mbamu iliyonse, kenako amapempha nsima yofewa, kenako phala, thupi likutha. Azibambo ambiri amabisa zimenezi miyezi, ndipo amene amazindikira ndi mayi wophika, poona mbale ikubwerera ndi chakudya kapena lamba akuboola bowo lina. Chidikwidikwi pachokha sichitanthauza khansa, ndipo sindikufuna mugone ndi mantha usiku uno. Koma ngati mwaona zimenezi, mukazinene kuchipatala ngakhale iwo atakhala chete.

Kwa amene ali ndi kachilombo ka HIV, makamaka amene sakudziwa kapena anasiya ma ARV, fangasi woyera wa m'kamwa amatha kutsikira kummero n'kuyambitsa chidikwidikwi pamodzi ndi ululu pomeza. Amachizika bwino ndi mankhwala. Matenda oumitsa khosi ndi ena ogwira ubongo nawonso amatha kuonekera motere. Choncho akakapemphedwa kuyezetsa magazi asakhumudwe, ndi mbali ya kufufuzako. Impso zikafooka, zoipa zimene zimayenera kutuluka ndi mkodzo zimaunjikana m'magazi, ndipo chidikwidikwi chosatha ndi chimodzi mwa zizindikiro zake zodziwika. Amene ali pa chiopsezo ndi a BP ndi a shuga, ndipo ambiri a zaka za bambo amayenda ndi matendawa osadziwa. Mchere wa m'magazi, monga sodium, potassium ndi calcium, ukatsika chifukwa cha kutsekula m'mimba, kusanza kapena mapiritsi okodzetsa, umathanso kuchiyambitsa. M'chifuwa muli chibayo, TB, madzi ozungulira mtima kapena mapapo, ngakhalenso mtima weniweniwo ukamasowa magazi. Pansi pa mnofu wopumira pali chiwindi, chimene chikatupa kapena kuchita mafinya chimaukhudza. Chotupa cha pakhosi chimatha kupanikiza mitsempha. Ndipo pali china chodabwitsa koma choona: katsitsi kapena kachilombo kokhudza nembanemba ya m'kati mwa khutu kamatha kuyambitsa chidikwidikwi cha masiku, chimene chimatha kanthuko kakangochotsedwa. Wachipatala akayamba kuwaunika m'khutu musadabwe.

Mankhwala ena nawo ndi gwero. Dexamethasone, mankhwala ochepetsa kutupa, ndiye wodziwika kwambiri, ndipo amachita zimenezi makamaka kwa amuna. Diazepam, mankhwala ena amphamvu opha ululu ndi ena a khansa alinso m'gululi. Chimabweranso pambuyo pa opaleshoni ya m'mimba. Ngati bambo ayamba mankhwala atsopano masabata apitawa, kapena anabayitsa jekeseni kwinakwake, chimenecho chingakhale chinsinsi chonse. Asasiye okha mankhwala amene analemberedwa, koma akawatchule.

Pali zizindikiro zimene zikaoneka simuyenera kudikira kuti kuche. Ngati akumva kupweteka kapena kulemera pachifuwa, akubanika, mkono kapena mwendo wafooka kapena wachita dzanzi mbali imodzi, kukamwa kwapotoka, mawu akutuluka mokoka, akuyenda modzandira kapena akumva chizungulire champhamvu, akutsamwa ndi malovu awo omwe, mutu ukuwawa kwambiri khosi litauma, akusanza magazi kapena chimbudzi chada ngati phula, asokonezeka, kapena mkodzo wachepa miyendo itatupa, pezani galimoto usiku womwe uno mupite ku Mzuzu Central Hospital. Sitiroko ya kutsinde kwa ubongo imatha kuyamba ndi chidikwidikwi ndi chizungulire munthu akuyankhula bwinobwino, ndipo pa sitiroko ola lililonse ndi la mtengo wapatali.

Ngati palibe chilichonse mwa zimenezi, mawa muyambire pa chipatala chimene muli nacho pafupi, kaya ku Mapale kaya ku St John's, ndipo akaona kuti pakufunika zoyeza zina adzakutumizani okha. Tengani buku lawo la kuchipatala ndi mankhwala onse amene akumwa m'mapaketi ake, kuphatikizapo ogula pa golosale ndi azitsamba. Za mowa ndi fodya anene zoona, si kukhoti. Adzawayeza BP ndi shuga, kuwaunika m'kamwa, pakhosi ndi m'makutu, kumvetsera chifuwa, kugwira mimba, ndi kuona mphamvu za manja ndi miyendo. Kutengera zimene apeza, angatenge magazi oyeza impso ndi mchere, kujambula chifuwa, kapena kuwatumiza kukaunikidwa kummero ndi kapaipi ka kamera.

Mankhwala alipo. Ngati akuganizira asidi, kawirikawiri amayamba ndi omeprazole. Metoclopramide amathandiza chifu kutsitsa chakudya msanga ndipo amaletsa chidikwidikwi mwa ambiri. Baclofen ndi gabapentin amakhazika mitsempha pansi. Palinso chlorpromazine, amene wakhala akugwiritsidwa ntchito pa vutoli kwa zaka zambiri. Ameneyu ndimutchule mwapadera chifukwa anthu amamudziwa ngati mankhwala a matenda a maganizo, ndipo ndaonapo odwala akutaya mapiritsi atauzidwa ndi anansi kuti adokotala akuwayesa amisala. Si choncho ayi, mankhwala amodzi amatha kugwira ntchito zingapo. Koma amagonetsa ndi kutsitsa BP munthu akaimirira mofulumira, ndiye onsewa ndi olemberedwa ndi wachipatala, osati ogula mwa kumva kwa mnzako. Chifukwa china chosadikirira n'chakuti chidikwidikwi chenichenicho chimafooketsa: munthu sagona, sadya bwino, samwa mokwanira, thupi limatsika. Charles Osborne, mlimi wa ku Iowa ku America, chinamugwira mu 1922 n'kumusiya mu 1990, zaka 68. Zotere n'zosowa kwambiri, koma zikusonyeza kuti chikakhazikika sichimva za masupuni a shuga.

Tsopano mdzukulu wanu, ndipo apa mtima ukhale m'malo. Makanda amachita chidikwidikwi kuposa akulu, ndipo amayamba asanabadwe. Pa sikani chimaoneka miyezi yoyambirira ya mimba, ndipo amayi ambiri amakumbukira kadumphidwe kobwerezabwereza, kofanana ngati wotchi, kosiyana ndi kutakataka kwa mwana kwa masiku onse, m'miyezi yomaliza. Akatswiri ena amaganiza kuti ndi njira imene ubongo wa khanda umaphunzirira kulamula minofu yopumira. Ena amati chimathandiza nyama zoyamwa kutulutsa mpweya m'chifu kuti mkaka upeze malo. Enanso amachifanizira ndi mmene mbululu zimapumira m'madzi, kukoka madzi uku zikutseka njira ya kumapapo. Chimene tikugwirizana tonse n'chakuti kwa khanda loyamwa bwino, logona bwino, lokwera sikelo, chidikwidikwi si matenda. Chimativutitsa ife oonerera kuposa mwanayo, ndipo mudzaona kuti ena amagona nacho tulo. Chimachepa chokha mwana akamakula, makamaka akamayandikira chaka.

Kaulusi ka pamphumi sindikuletsani. Sikafika pa mnofu wopumira, ndipo chimene chimathandiza ndi choti agogo amunyamula mwana, amuimika, amusisita, mphindi zapita, chatha chokha. Koma sikapweteka, bola kakhale koyera, konyowetsa ndi madzi abwino osati malovu, ndipo mukachotse chikangosiya kuti kasatsetserekere m'mphuno kapena m'kamwa. Chimene ndikukana ndi mtima wonse ndi timadzi ta shuga. Mwana wosakwana miyezi 6 ayamwe bere lokha, osapatsidwa madzi, tiyi, phala, gripe water kapena mankhwala azitsamba. Madzi amadzadza kachifu kake kakang'ono n'kulanda malo a mkaka, amatha kubweretsa kutsekula m'mimba, ndipo akachuluka amasungunula mchere wa m'magazi mpaka mwana kukomoka. Uchi ndiye musayerekeze mpaka atakwanitsa chaka, chifukwa umatha kukhala ndi tizilombo tolumalitsa minofu ya khanda. Njira zonse za akulu ndafotokoza pamwambazi si za mwana: osamutseka mphuno, osamukoka lilime, osamuuzira kumaso, osamudzidzimutsa.

Chimene mayi ake angachite n'chosavuta. Amuyamwitse asanafike polira kwambiri ndi njala, chifukwa mwana wolira amameza mpweya wambiri. Aonetsetse kuti wagwira bere bwino, kukamwa kuli kotambasuka, mbali yaikulu yakuda ya bere ili m'kamwa, osati kansonga kokha. Akamaliza bere limodzi amuike paphewa n'kumusisita kumsana mpaka ageye, kenako apitirize linalo. Akakhuta amugwire choimika kwa mphindi 15 kapena 20 asanamugoneke chagada. Chidikwidikwi chikayamba, kumubwezera kubere pang'ono nthawi zambiri kumachithetsa, poti kuyamwa ndi kumeza ndi njira yomwe ija ya kapaipi. Amene amati thewera lonyowa ndilo layambitsa sakunama kwenikweni, kuzizidwa kumatha kuchidzutsa, ndipo m'nyengo yachisanu ya kuno kusintha thewera msanga n'kwabwino ndi kale. Mupite naye kuchipatala ngati akusanza mothovoka akangoyamwa, akulira ndi kupinda msana nthawi iliyonse yoyamwa, akukana bere, thupi latentha, milomo ikusintha mtundu, kupuma kukuvuta, kapena mzere wa pa khadi la sikelo waima kapena ukutsika.

Za usiku uno kwa bambo: adye pang'ono, chofewa, monga phala kapena nsima yochepa ndi ndiwo zopanda tsabola ndi mafuta ambiri, ndipo papite maola awiri kapena atatu asanagone. Mowa, fodya, khofi ndi zakumwa za gasi aziike pambali, mandimu ndi shuga zija musiye kaye. Azimwa madzi pang'onopang'ono kuti thupi lisaume. Pogona mukweze kumutu kwa bedi, kapena muwasanjikizire mapilo kuyambira kumsana, ndipo agonere kumanzere, chifukwa mbali imeneyo asidi savuta kukhala m'chifu. Njira ya mpweya ija angayese kangapo. Ngakhale chitasiya usiku uno, mawa apitebe. Munthu wa zaka 52 amene chidikwidikwi chimamugwira pa chakudya chilichonse, ndipo tsopano chamugwira masiku atatu, ayenera kuyezedwa BP, shuga ndi impso, ndi kufunsidwa bwino za kamezedwe kake.